Masabata asanu ndi limodzi mumsasa wa pasukulu ku Zomba: zimene unatichitira ndi pamene unatisiya

Thandizo limene ndikufuna kuliunika pano palibe amene amalisankha ali pamtendere, ndipo palibe amene amatulutsa ndalama kuti alilandire. Ndikunena za msasa wosungirako anthu amene nyumba zawo zagwa, umene ambiri timangoutchula kuti kampu. Ine ndi banja langa tinakhala mumsasa wotere masabata asanu ndi limodzi m'chaka cha 2023, pasukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Zomba, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba imene tinkachita lendi kufupi ndi mtsinje wa Likangala. Dzina la sukuluyo ndi mayina a amene ankayendetsa msasawo ndawasunga, chifukwa ambiri mwa iwo anali anthu ongodzipereka, ndipo zimene zinalakwika sizinachokere kwa munthu mmodzi. Chimene chandikakamiza kulemba n'chakuti dzinja lililonse likamayandikira ndimaona anzanga ochita lendi akukhalabe m'nyumba zonga imene inatigwera ija, ndipo ndi bwino adziwiretu zimene msasa ungawachitire komanso pamene udzawasiye.

Ntchito yanga ndi ya utelala, ndipo ndimasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu, pamene mayi a kunyumba amakazinga mandasi. Nthawi imeneyo tinali ndi ana atatu, komanso apongozi anga amene anabwera kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi doko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, kudzalandira thandizo la matenda a kuthamanga kwa magazi. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, yooneka bwino kunja chifukwa eni ake anaipaka pulasitala ndi laimu, koma mkati mwa khoma munali zidina zomangira matope, ndipo maziko ake sanafike ngakhale m'bondo. Zimenezi tinkazidziwa, koma lendi yake inali yokhayo imene makina osokera ndi chiwaya cha mandasi zikanakwanitsa. Apongozi atangofika anaima pakhonde, nayang'ana kutsetsereka kwa malowo, n'kuuza mwana wawo kuti, "Amake Chikondi, madzi saiwala khwawa." Mayi a kunyumba anayankha kuti takhalapo zaka zinayi osaona vuto lililonse.

Mvula inayamba Loweruka pa 11 Malichi ndipo sinakate. Pofika usiku wa Lolemba pa 13, tsiku limene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'maboma a kummwera mwagwa ngozi yadzidzidzi, khoma la kuchipinda kwa ana linali litayamba kudontha madzi ngati mtsuko watsopano, ndipo pakati pa usiku tinalimva likung'aluka. Tinatuluka ndi zimene manja athu anagwira. Ine ndinabereka mwana wamng'ono ndi kusenza mutu wa makina osokera, umene ndinkabwera nawo kunyumba madzulo aliwonse, ndipo tinatsatira kuwala kwa matochi a mafoni a anzathu amene ankalowera kusukulu chifukwa ili pamalo okwera.

Pa za usiku woyambawo ndilibe chodandaula ngakhale chimodzi. Tinapeza mlonda ndi aphunzitsi aakulu atatsegula kale makalasi, osadikira kalata yochokera kwina kulikonse, ndipo palibe anatifunsa chiphaso cha unzika kapena dzina la mfumu yathu. Aphunzitsiwo anaima pakhomo atafunda thumba la pulasitiki kumutu, akungonena kuti, "Lowani, amayi, lowani, zina tikambirana mawa." Mayi wina wokhala m'nyumba za aphunzitsi anabweretsa mbaula ndi ketulo, n'kuyamba kuwiritsa madzi a tiyi wopanda shuga kuti ana asiye kunjenjemera. Munthu amene sanaimepo pamvula usiku ndi ana atatu, nyumba yake ikugwa kumbuyo kwake, sangamvetse kukula kwa chitseko chongotsegulidwa popanda mafunso. Ndikanakhala kuti ndikuweruza msasawo potengera usiku umenewu wokha, ndikanaupatsa malikisi onse.

M'masiku otsatira ndi pamene tinamva pawailesi kukula kwa zimene zinachitika: matope ndi miyala zotsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, midzi yokokoloka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, anthu oposa 1,000 omwalira kapena osowa, ndi anthu oposa 650,000 osowa pokhala amene anabalalika m'misasa yoposa 700. Ndikutchula ziwerengero zimenezi kuti owerenga asaiwale, pamene ndikudandaula za chimbudzi kapena ufa, kuti msasa wathu unali umodzi pakati pa mazana, ndipo misewu ndi milatho yambiri yodzera thandizo inali itaduka. Ife a mumzinda tinali ndi mwayi chifukwa galimoto zinkatha kutifikira.

Pogona panali pothina kwambiri. Komiti imene tinasankha tsiku lachiwiri inagamula kuti amayi ndi ana azigona m'makalasi awo, abambo ndi anyamata m'makalasi ena, ndipo ngakhale mabanja ena anadandaula kuti alekanitsidwa, ine ndinaona kuti chigamulocho chinali chanzeru. Mwa zina chinandichotsera manyazi ogona chipinda chimodzi ndi apongozi, chimene pa mwambo wathu sichichitika. Madesiki tinawaunjika kukhoma, n'kuyala makatoni ndi matumba pasimenti yozizira, ndipo munthu akafuna kutembenuka usiku ankayamba wadzutsa mnzake. Mabungwe othandiza pa ngozi padziko lonse amatsatira muyeso wotchedwa Sphere, umene umati munthu aliyense akhale ndi malo ofoleredwa osachepera masikweya mita 3.5, koma m'kalasi mwathu munthu ankangokhala ndi malo a mphasa yopinda pakati. Mabulangete anafika patapita masiku anayi, maneti oteteza udzudzu anachedwerapo, ndipo pamene ankafika n'kuti ana angapo atayamba kale kutentha thupi. Mutu wa makina uja ndinkagona nditautsamira, nditaukulunga m'chitenje, chifukwa munalibe malo okhoma osungiramo katundu. Ili ndi vuto limene oyendetsa misasa angathe kulithetsa popanda ndalama: ofesi imodzi yokhala ndi loko, ndi kope lolembamo za aliyense, zikanamasula anthu ambiri kuti apite kukagwira ganyu masana m'malo molondera ndowa ndi mapoto.

Chakudya chinkabwera mosadalirika, koma sitinagone ndi njala masiku awiri otsatizana. Sabata yoyamba tinadalira mipingo, mizikiti ndi anthu akufuna kwabwino a mumzinda momwemo, amene ankabwera ndi ufa wa m'nyumba zawo, zovala za kaunjika ndi sopo, ndipo kenako ndi pamene thandizo lodzera ku boma ndi mabungwe linayamba kufika: matumba a ufa, nyemba, soya pisesi, mafuta ophikira, mchere, ndi ufa wa likuni phala wa ana. Poyamba ankaphikira pamodzi m'miphika ikuluikulu ya phala la ana asukulu, ndipo njira imeneyi ndi imene ndinaikonda, chifukwa aliyense ankalandira chipande chofanana ndi cha mnzake, kaya ali ndi poto kaya alibe. Atasintha n'kuyamba kugawa ufa pabanja pabanja, mavuto anayamba. Banja la anthu awiri linkalandira mofanana ndi la anthu asanu ndi atatu, nkhuni zinali zonyowa, makala anakwera mtengo, ndipo nyemba zimene zimafuna moto wa maola angapo zinasanduka mtolo kwa mayi amene alibe chophikira. Ndinaona mayi wina akusinthanitsa nyemba zake ndi kamulu ka makala kuti aphike nsima yodyera mchere. Wopereka nyemba kwa munthu amene mbaula yake yapita ndi madzi ayenera kuganiziranso za moto.

Pamene mtima wanga unali m'mwamba masiku onse ndi pa nkhani ya madzi ndi zimbudzi, chifukwa namondweyu anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayambira kwa anansi athu ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Zimbudzi za pasukulupo zinakumbidwa poganizira ana amene amabwera m'mawa n'kuweruka masana, ndipo zina mwa izo zinadzaza madzi a mvula mpaka kusefukira. Muyeso wa Sphere uja umati chimbudzi chimodzi chisagwiritsidwe ntchito ndi anthu oposa 20, ndipo munthu aliyense apeze malita 15 a madzi pa tsiku, koma ife m'mawa uliwonse tinkaima pamzere wautali moti ana ena ankalephera kupirira n'kuthawira kuseri kwa makalasi. Apa ndiyamikire alangizi a zaumoyo. Anali ochepa, koma ankafika tsiku lililonse ndi kolorini, n'kuima pamjigo kuthira mankhwalawo m'ndowa ya aliyense wotunga, ndipo anaika zigubu zosambira m'manja pakhomo la kalasi iliyonse. Mmodzi mwa iwo, mtsikana wamng'ono ndithu, sankachita manyazi kubweza bambo wamkulu kuti, "Bambo, pepani, bwererani mukasambe m'manja kaye." M'masabata onse amene tinakhalako, m'kalasi mwathu simunatuluke wodwala kolera, ndipo ndimakhulupirira kuti khama la anthu amenewa ndi limene linatitchinjiriza. Zimbudzi zongoyembekezera zinakumbidwa m'sabata yachiwiri, mochedwa koma zinathandiza.

Mankhwala a apongozi anatsala m'nyumba yakugwa ija pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Achipatala oyendayenda amene ankabwera kawiri pa sabata anawayeza n'kuwapatsa ena popanda kuwavutitsa za bukulo, ndipo tinathokoza. Chimene sichinandisangalatse n'chakuti ankaonera odwala pakhonde, pamaso pa anthu onse, moti amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo ankaopa kufika pafupi kuti angadziwike. Bambo wina amene tinkagona moyandikana anandinong'oneza kuti wakhala masiku asanu osamwa mankhwala ake pa chifukwa chimenechi. Kalasi imodzi yokhala ndi chitseko ikanakwanira.

Za chitetezo cha amayi ndinazimva kwa mayi a kunyumba, chifukwa ife abambo zambiri sitinkaziona. Kuzimbudzi kunalibe nyale, malo osambira anali mpanda wa matumba umene mphepo inkaugwetsa, ndipo atsikana ankadikira mpaka mdima kuti asambe, nthawi yomweyo imene kunali koopsa kutuluka. Amayi anagwirizana zoperekezana atatuatatu, ndipo abambo tinayamba kulondera mosinthana. Zofunika amayi akakhala kumwezi zinafika kamodzi kokha, ndipo nditamva zimenezi ndinabwereka miyendo ya makina kwa telala mnzanga n'kusoka zoterezo kuchokera ku zitenje zakale ndi nsalu za matawulo zimene zinabwera m'kaunjika. Kanyale kamodzi ka sola kokoleka pakhomo la chimbudzi ndi kotsika mtengo kuposa thumba la ufa, koma m'katundu yense amene anabwera munalibe.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi, ya kalembera. Thandizo lililonse lalikulu limatsata kaundula, ndipo kaundula amalembedwa potsata mafunso awiri: mfumu yanu kapena mkulu wa dera lanu ndani, ndipo nyumba yanu yawonongeka motani. Kumudzi mafunso amenewa ndi osavuta, chifukwa nyakwawa imadziwa munthu aliyense ndi malo ake. Mumzinda, wochita lendi amakhala ngati mlendo ngakhale atakhala pamalo zaka khumi, ndipo nyumba imene yagwa si yake. Tsiku la kalembera eni nyumba yathu, amene amakhala kudera lina m'nyumba ya njerwa zowotcha, anafika n'kulembetsa nyumbayo m'dzina lawo. Sindikuwanena kuti ananama, chifukwa khoma ndi malata zinalidi zawo, ndipo anataya chuma. Koma amene anatsala opanda denga usiku umenewo tinali ife, ndipo pa pepalalo panalibe mzere wolembapo banja limene linkagona m'nyumbamo. Tinalembedwa pa mndandanda wa olandira chakudya mumsasa, koma pa mndandanda wa oyenera kuthandizidwa kupeza pokhala dzina lathu silinaoneke. Nditafunsa, mlembi anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, fomuyi ikufunsa mwininyumba, ine sindingawonjezere zanga." Sindinamukwiyire, chifukwa ndinaiona ndekha fomuyo. M'kalasi mwathu abambo ambiri anali ochita lendi ngati ine: akabaza, alonda, ogulitsa malonda pamsika.

Panalinso munthu wina amene nkhani yake inali yovuta kuposa yathu. Anali bambo wonyamula katundu pamsika, amene ndinkamudziwa kale chifukwa usiku ankagona pakhonde la sitolo yoyandikana ndi pamene ndimasokera, atayala makatoni, ndipo m'mawa ankawapinda n'kuwabisa kuseri kwa thanki. Mvula itakula khondelo linalowa madzi, iye n'kubwera kusukulu monga tonsefe. Masiku oyamba palibe anamufunsa kanthu, koma ufa utayamba kugawidwa potsata mayina, anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti ameneyu si wokhudzidwa ndi ngozi, popeza analibe nyumba yoti igwe. Mawu amenewa anandipweteka, makamaka chifukwa ankachokera kwa anthu amene anali atangolawa kwa masiku ochepa moyo umene iye wakhala nawo zaka zambiri. Mayi amene anali wapampando wa komiti anaimirira n'kunena kuti, "Abale anga, mvula imene yatinyowetsa ife ndi yomweyo yawanyowetsa achimwenewa, ndipo bola ine ndili pampando pano adya." Anadyadi, ndipo ndi iye amene ankatsitsa matumba m'galimoto ndi kukumba zimbudzi zatsopano zija mwakhama kuposa tonse. Tsiku lina tikuwotha moto anandiuza kuti masabata amenewo anali oyamba m'zaka zambiri kugona m'chipinda chokhala ndi chitseko.

Anthu ngati iyeyu alipo m'mizinda yathu yonse, ndipo timawadutsa m'makonde a sitolo ndi kumadepoti a basi. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo lina la lamulo la vakabu, limene anthu ankamangidwa nalo chifukwa chongopezeka panja pa nthawi yokayikitsa, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Chigamulocho chinali chabwino, koma chinangochotsa unyolo, sichinapereke pogona. Msasa wa ngozi umatsegulidwa chifukwa cha namondwe ndipo umatsekedwa namondwe akapita, choncho munthu amene kusowa pokhala kwake sikunayambe ndi mvula amabwerera pakhonde pomwe paja. Lero ndikamatsegula makina m'mawa ndimamupezabe akupinda makatoni ake.

Kutsekedwa kwa msasa ndi gawo limene linayendetsedwa mofooka kuposa ena onse. Sukulu inayenera kutsegulidwa, ndipo palibe kholo limene likanatsutsa zimenezo, popeza ana athu omwe ndi amene ankaphonya maphunziro, ndipo a Sitandade 8 mayeso awo anali pafupi. Anatisamutsira m'matenti pabwalo la mpira, mmene masana munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo patapita masabata ena anatiuza kuti msasa utsekedwa pakutha pa masiku ochepa. Banja lililonse linalandira ufa, ndowa ndi lona, n'kuuzidwa kuti libwerere kwawo. Mawu akuti kwawo ndi amene anandisowetsa tulo. Lona ndi lothandiza kwa munthu amene ali ndi malo oti alikhomepo, koma ine ndikanalikhoma pa puloti ya yani? Eni nyumba yathu anali atanena kale kuti akufuna malowo aphwasulidwe kuti ayambe kumanganso, ndipo ndalama ya lendi ya mwezi wa Malichi imene tinalipira sanatibwezere.

Apongozi anga zinawayendera mosiyana, ndipo kusiyanaku kumaonetsa bwino amene thandizoli linakonzedwera. Nyumba yawo ya kumudzi inagwanso ndi madzi a m'dambo la Chilwa, koma mfumu yawo inawalemba ngakhale iwo anali kutali, chifukwa malowo ndi a mbumba yawo kuyambira kale. Atabwerera anakhoma lona lawo pabwalo la nyumba yakugwayo, adzukulu anawaumbira njerwa chilimwe chitafika, ndipo dzinja lotsatira linawapeza ali m'kanyumba kawo. Anavutika, ndipo mbewu zawo zonse zinapita, koma njira yochokera mumsasa kubwerera m'nyumba inalipo. Ife ana awo a m'tauni, amene iwo ankationa ngati otukuka, ndi amene tinatuluka pageti la sukulu tikuyang'anana.

Kufunafuna nyumba ku Zomba pambuyo pa namondwe kunali kowawa. Mzindawu, umene unali likulu la dziko mpaka 1975, unali ndi anthu pafupifupi 105,000 pa kalembera wa 2018, ndipo uli wopanikizika pakati pa phiri ndi madambo, moti malo otsika mtengo ndi omwewo a m'mphepete mwa mitsinje ndi m'matsitso. Pamwamba pa izo, ophunzira a ku University of Malawi amene sapeza malo ogona pasukulupo amachita lendi ku Chikanda ndi madera oyandikira, ndipo eni nyumba ambiri amaona kuti kulipiritsa ophunzira anayi pa mutu m'chipinda chimodzi kumapindulitsa kuposa kusunga banja la ana atatu. Ophunzirawo sindikuwaimba mlandu, nawonso akuvutika. Nyumba zambiri zitagwa nthawi imodzi, zotsalazo zinakwera mtengo, eni ake ankafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo maejenti ankafuna yawo munthu asanaone n'komwe chitseko. Mpamba wa mandasi unali utapita, makasitomala anga nawonso analibe ndalama zosoketsera zovala. Tinakhala miyezi iwiri m'khitchini ya mnzathu wa kumpingo ku Chinamwali, anthu asanu m'kachipinda kakuda ndi mwaye, kufikira mayi a kunyumba atatenga ngongole kubanki mkhonde. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, ndipo lendi inakweranso.

Ndikaunguza njira zimene dziko lathu lakhala nazo zothandizira anthu kupeza nyumba, ndimaona mpata womwewo umene ndinauona pa fomu ija. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo nyumba zake n'zolimba, koma n'zochepa poyerekeza ndi ozifuna, ndipo munthu wopeza ndalama za tsiku ndi tsiku ngati telala sayambira kumeneko akamafuna pogona mwezi womwewo. Ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene inayamba mu 2014 inkathandiza munthu amene ali kale ndi malo ake omangapo. Lamulo latsopano loyendetsera ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza patangopita mwezi umodzi chichitikire Freddy, limalola boma kusamutsa anthu m'malo oopsa, ndipo n'zoyenera, koma wosamutsidwa n'kupatsidwa malo ena amakhala mwini malo, pamene wochita lendi amangosamukira m'nyumba ina ya zidina m'mbali mwa mtsinje wina. Chimene chikanatithandiza ife sichinali chachikulu: mzere umodzi pa fomu wolembapo banja lokhala m'nyumbamo mosiyana ndi mwini wake, ndi ndalama ya lendi ya miyezi itatu m'malo mwa lona. Ndalama imeneyo ikanatichotsa mumsasa msanga, makalasi akanamasuka msanga, ndipo ndikukhulupirira kuti sikanaposa mtengo wotidyetsa ndi kutisunga m'matenti masabata onse aja.

Wina atandifunsa ngati angathawire kumsasa wotere madzi akabwera, ndingamuuze kuti apite msanga, asadikire kuti khoma ling'aluke monga tinachitira ife, chifukwa pa ntchito yopulumutsa moyo ndi kuteteza ku matenda msasawo unakwanitsa, ndipo anthu ake anali achifundo. Asaiwale kuika chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala m'jumbo imodzi yomanga bwino dzinja likangoyamba, ndipo ngati ali wochita lendi akadziwonetse kwa mkulu wa dera lake nthawi ya mtendere, asunge ndi mapepala olipirira lendi, kuti tsiku la kalembera pakhale womuchitira umboni. Koma asalowe pageti akuyembekezera kuti msasawo udzamupezera kolowera. Kuyambira sabata yoyamba ayambe kufunsa abale ndi anzake za chipinda, chifukwa tsiku lotseka limafika mwadzidzidzi, ndipo onse amatuluka tsiku limodzi kukalimbirana nyumba zochepa zomwezo.

Panopa tikukhala ku Matawale, m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, ya njerwa zowotcha, imene lendi yake imadya pafupifupi theka la zimene ndimapeza, ndipo ndisanalipire ndinayamba ndakanda khoma ndi kiyi kuti ndione chimene chili pansi pa pulasitala. Lona lija tinatchingira bafa. Mwezi wathawu ndinadutsa kumene tinkakhala kuja popita kukapereka mayunifolomu amene ndinasoka, ndipo ndinapeza nyumbayo itamangidwanso pamaziko omwe aja, yopakidwa laimu woyera bwino. Pachingwe panali matewera, ndipo pakhonde mayi wina wachitsikana ankasankha nyemba m'lichero. Ndinamupatsa moni, n'kumufunsa ngati anamuuza zimene zinachitika pamalopo mu 2023. Anati anamva, koma kwina konse kumene anafunsa ankafuna miyezi itatu pakamodzi, pamene apa anamulola kulipira mwezi umodzi.